Kupanga ampu ya besi yonyamula ndi dzanja limodzi: malangizo a pang'onopang'ono

M'gulu lililonse loimba, katundu wolemera kwambiri amakhala wa woimba besi, ndipo zimenezi zili ndi chifukwa chake. Nsambo yokhuthala ya gitala ya besi, imene timaitcha E, imanjenjemera ka 41 pa sekondi imodzi, pamene pa besi ya nsambo zisanu pali ina yotsikirapo ya B imene imanjenjemera pafupifupi ka 31. Kuti mawu otsika chonchi amveke, sipika iyenera kukankha mpweya wambiri, ndipo kalekale zimenezi zinkafuna mabokosi akuluakulu ndi mathiransifoma olemera. Ampu yotchuka ya Ampeg SVT, imene inatuluka mu 1969 ndi mawati 300, mutu wake wokha, ndiye kuti gawo lamagetsi lokuza mawu, unkalemera makilogalamu pafupifupi 38, osawerengera bokosi lake la masipika 8. Amene ankaimbira ampu yotereyi anali ndi galimoto ndiponso anthu onyamula. Ife amene timapita ku ukwati, ku chinkhoswe kapena ku tchalitchi pa minibasi ndi pa kabaza, tikufunika chida chimene mutu ndi sipika zili m'bokosi limodzi, chosapitirira makilogalamu 15, koma chomveka bwino pambali pa woimba ng'oma amene sanyengerera.

Chida choterocho ndi chotheka kupanga, malinga ngati muyamba ndi sipika ndi bokosi lake, mawati n'kubwera pambuyo. Anthu ambiri amayambira kumapeto: amagula ampu ya mawati ochuluka, kenako n'kuikhomera m'bokosi lililonse limene kalipentala wawapangira, ndipo zotsatira zake zimakhala chinthu cholemera chimene chimangochita phokoso m'malo moimba.

Choyamba: dziwani ntchito imene ampuyo idzagwire

Musanagule kanthu, khalani pansi ndi kuganiza za malo amene mumaimba kawirikawiri. Ngati ndi m'tchalitchi, m'holo ya ukwati kapena m'malo odyera, sipika imodzi ya mainchesi 12 ndi mawati apakati pa 200 ndi 300 ndi zokwanira. Pabwalo lalikulu la panja, ampu yanu isayese kufikira anthu onse. Ntchito yake ikhale yoti inuyo ndi anzanu papulatifomu muzimvana, ndipo khamulo lizimvera pa zimkuzamawu zazikulu. Mukavomereza mfundo imeneyi pachiyambi, mwachotsa kale theka la kulemera.

Pali lamulo lina limene akatswiri a masipika amalitchula ndi dzina la Josef Anton Hofmann, mmodzi wa amene anayambitsa kampani ya KLH ku America. Lamulolo likuti pa zinthu zitatu izi, bokosi laling'ono, mawu otsika kwambiri, ndi mawu amphamvu popanda mawati ambiri, mungathe kupeza ziwiri zokha. Kwa woimba woyendayenda, ine ndimati siyani mawu otsikitsitsawo. Khutu la munthu limazindikira noti ya E makamaka kudzera m'mawu ena amene amatuluka pamodzi nayo, a ma hertz 82 ndi 123 (hertz imodzi ndi kunjenjemera kamodzi pa sekondi), kotero bokosi limene likugwira bwino kuyambira pa ma hertz 50 kapena 55 kupita m'mwamba limamveka lodzaza ndithu.

Chachiwiri: sankhani sipika

Kulemera kwa sipika kumachokera ku maginito ake. Masipika akale ali ndi maginito akuda aja a ferrite, ndipo ya mainchesi 12 yamphamvu imatha kufika makilogalamu 6 kapena 7. Masipika a maginito a neodymium, mtundu wa maginito umene unatulukiridwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi makampani a Sumitomo ku Japan ndi General Motors ku America, amagwira ntchito yomweyo akulemera makilogalamu 2 kapena 3 basi. Makampani monga Eminence, Celestion ndi Faital Pro amapanga masipika otere a besi. Ndi chinthu chochititsa chidwi kuti miyala imene mumachokera neodymium ilipo kwathu konkuno, ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku phiri la Songwe ku Phalombe, chikhalirecho sipika yake timachita kuitanitsa kunja pa mtengo wokwera. Ngati ndalama zili zochepa, pano ndi pamene muyenera kuziika, chifukwa palibe malo ena pamene mungachotse makilogalamu anayi ndi chisankho chimodzi.

Musagule sipika imene wopanga wake sanalembe manambala otchedwa Thiele/Small. Manambalawa anachokera ku ntchito ya Neville Thiele, injiniya wa ku Australia amene analemba za nkhaniyi mu 1961, ndi Richard Small amene anaipititsa patsogolo ku yunivesite ya Sydney kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo ndiwo amakuuzani kukula kwa bokosi loyenera sipikayo. Anayi ndiwo ofunika kwambiri. Fs ndi liwiro limene koni, chipepala chija chogwedezeka, imanjenjemera payokha, ndipo ya besi ikhale pakati pa ma hertz 40 ndi 55. Qts ikhale pakati pa 0.3 ndi 0.45 kuti sipikayo igwirizane ndi bokosi laling'ono lokhala ndi bowo lotulutsira mawu otsika. Vas, imene imalembedwa m'malita, ikakhala yaikulu kwambiri ndiye kuti bokosi lidzafunikanso kukula. Wachinayi ndi Xmax, mtunda umene koni ingayende kupita kutsogolo kapena kumbuyo mawu asanayambe kusweka, ndipo ameneyu ndiye amene anthu amamuiwala. Sipika yolembedwa mawati 400 koma ya Xmax ya mamilimita 3 idzayamba kukhosomola pa noti zotsika mawati asanafike n'komwe theka, pamene ina ya mamilimita 6 kapena kuposerapo idzapirira.

Onaninso nambala ya kukwera kwa mawu pa wati imodzi, imene imalembedwa m'ma dB. Kuwirikiza mawati kawiri kumangowonjezera ma dB atatu, ndipo kuti khutu limve ngati mawu akwera kawiri pamafunika mawati ochuluka kakhumi. Choncho sipika ya ma dB 97 pa ampu ya mawati 200 imamveka mofanana ndi ya ma dB 94 pa ampu ya mawati 400. Sankhani ya ma ohm 8 (ohm ndi muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi) ngati mukuganiza zodzawonjezera bokosi lachiwiri m'tsogolo, pakuti awiri a ma ohm 8 akalumikizidwa pambalimbali amapanga ma ohm 4, amene maampu ambiri amawalandira.

Chachitatu: werengani bokosi ndi bowo lake

Ikani manambala aja mu pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa WinISD, imene ndi yaulere, ndipo yesani mabokosi osiyanasiyana musanadule thabwa ngakhale limodzi. Masipika ambiri a mainchesi 12 a besi amakhala bwino m'bokosi la malita apakati pa 40 ndi 55, bowo lake litachunidwa pa ma hertz apakati pa 48 ndi 55. Tiyeni titenge chitsanzo cha malita 45 ndi ma hertz 50. Malita 45 amenewa ndi mpweya weniweni wotsala mkati, choncho muwonjezerepo malo amene sipikayo, paipi ya bowo ndi timatabwa tolimbitsira zidzatenge, ndipo zonse pamodzi zifika pafupifupi malita 50. Bokosi limene mkati mwake ndi masentimita 36 m'lifupi, 50 mumsinkhu ndi 28 kulowa kumbuyo likupereka malita amenewa, ndipo kumaso kwake kukutsala malo okwanira oti paipi ikhale pansi pa sipika. Pewani kupanga mbali zonse zofanana, chifukwa mawu ena amagundana mkatimo n'kumakula kuposa anzake.

Bowo lija si lotulutsira kutentha monga ena amaganizira. Mpweya wa m'paipi ndi mpweya wa m'bokosi zimanjenjemera pamodzi, monga momwe botolo limalirira mukauzira pakamwa pake, ndipo pa liwiro limene mwachuna, paipiyo ndiyo imatulutsa mawu ambiri koni ikungogwedezeka pang'ono. Kutalika kwa paipi kumawerengedwa motere: tengani 23,562, muchulukitse ndi kukula kwa kamwa la paipi m'masentimita (poyeza modutsa pakati), muchulukitsenso ndi kukula komweko, mugawe ndi ma hertz ochulukitsidwa okhaokha ndiponso ndi malita, kenako muchotsepo 0.732 wochulukitsidwa ndi kukula kwa kamwalo. Pa paipi ya masentimita 10 mkati, monga paipi ya pulasitiki ya madzi oipa ya mamilimita 110 imene imapezeka m'sitolo iliyonse ya zomangira, yankho lake ndi pafupifupi masentimita 14. Iduleni yotalikirapo, mwina masentimita 16, kuti mudzaifupikitse poyesa. Musanyengeke ndi paipi yopapatiza chifukwa choti imakhala yaifupi: mpweya ukamathamanga m'paipi kupitirira mamita 17 kapena 20 pa sekondi umayamba kuchita mluzu ndi kupuma ngati munthu wotopa, ndipo WinISD imakuonetsani liwiro limeneli. Kumbuyo kwa paipi kutsale mpata wosachepera kukula kwa kamwa lake.

Chachinayi: thabwa ndi kakhomedwe

Pano ndi pamene akalipentala athu ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino, poganiza kuti bokosi labwino ndi lolemera. Chimene bokosi likufuna ndi kuuma, kuti makoma ake asamanjenjemere, ndipo kuuma kungapezeke popanda kukhuthala. Bokosi la muyeso tatchulawu, kuphatikiza kachipinda ka ampu ndi zolimbitsira, limadya thabwa lokwana pafupifupi masikweya mita 1.2. Mukagwiritsa ntchito MDF wa mamilimita 18, bokosi lopanda kanthu lidzalemera makilogalamu pafupifupi 16, ndipo likanyowa ndi mvula ya pa kabaza lidzafufuma m'makona. Pulayiwudi wa birch wa mamilimita 12 amabweretsa kulemerako pafupi ndi makilogalamu 10, pamene wa poplar, amene opanga mabokosi opepuka ku Ulaya amamukonda, amafikitsa pa 6 kapena 7. Pulayiwudi wa paini, monga amene amachokera ku Chikangawa, amagwera pakati pa awiriwa ndipo ndi wokwanira, bola musankhe chipepala chowongoka chimene m'mphepete mwake simukuoneka mapanga.

Thabwa la mamilimita 12 palokha ndi lofewa, choncho lilimbitseni mkati. Dulani timizere ta pulayiwudi yemweyo ta masentimita 5 m'lifupi, mutimate choimirira pakhoma lililonse kuti pasakhale malo opitirira masentimita 20 opanda chochirikiza, kenako mulumikize khoma la kumanzere ndi la kumanja, ndiponso la kumaso ndi la kumbuyo, ndi timitanda topingasa. Musaike cholimbitsira pakatikati penipeni pa khoma. Chisunthireni mbali imodzi pang'ono kuti zigawo ziwirizo zisamanjenjemere pa noti imodzi. Thabwa la kumaso, limene lanyamula sipika, likhale la mamilimita 15 kapena mulimatire mphete ina kumbuyo kozungulira bowo la sipika. Mphamvu ya bokosi ili mu guluu, osati m'misomali. Pakani guluu wa matabwa wokwanira pamalumikiziro onse, mumange ndi masikuluwu kufikira ataumiratu, ndipo mukatha mudutsenso mkati ndi silikoni kapena guluu wosakaniza ndi utuchi kuti pasatsale pothawira mpweya. Pogogoda khoma ndi nkhonya, liyankhe mouma ndi mwachidule. Likamalira ngati ng'oma, onjezerani cholimbitsira.

Makoma a mkati, makamaka la kumbuyo kwa sipika, muwaphimbe ndi thonje la m'mapilo kapena siponji yokhuthala masentimita awiri kapena atatu, koma kukamwa kwa paipi kukhale poyera. Sipika muimange ndi mabawuti olowa m'manati okhomerera m'thabwa, chifukwa masikuluwu wamba amamasuka ndi mabampu. Kunja, penti yokhakhala yolimba ndi yopepuka kuposa kapeti, amene amasunga fumbi ndi fungo la chinyezi. Kumaso kuikidwe sefa wachitsulo wotalikirana ndi koni masentimita awiri, m'makona muike zotetezera, ndipo pansi pakhale timapazi ta labala.

Chogwirira chisiyeni mpaka pamapeto. Zonse zikaikidwa, goneketsani bokosilo pa mpini wa tsache kuti mupeze pamene likukhazikika osapendekera, ndipo chogwiriracho chikhale pamwamba pa malo amenewo. Bokosi la makilogalamu 13 lopendekera kutsogolo limatopetsa dzanja ndi kumenya mawondo kuposa la makilogalamu 15 lokhazikika bwino.

Chachisanu: ampu yeniyeni

Maampu akale a mtundu wa AB amataya gawo lalikulu la magetsi monga kutentha, n'chifukwa chake amafuna chitsulo chachikulu choziziritsira ndi thiransifoma yolemera. A mtundu wa D amagwira ntchito poyatsa ndi kuzimitsa magetsi kambirimbiri pa sekondi, ndipo pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a mphamvu amafika ku sipika. Akaphatikizidwa ndi chopereka magetsi chamakono chopanda thiransifoma yaikulu, zonse zimalemera kilogalamu imodzi kapena iwiri. Sindikulangiza kuti mudzipangire nokha gawo limeneli kuyambira pachiyambi, pakuti kayalidwe ka tinjira ta pabolodi n'kovuta ndipo kulakwitsa pang'ono kumawotcha zinthu. Gulani bolodi lopangidwa kale. Makampani a ICEpower ndi Pascal a ku Denmark ndi Hypex wa ku Netherlands amapanga mabolodi odalirika, ena okhala ndi chopereka magetsi chake pomwepo, ndipo otsikirapo mtengo ndi aja ogwiritsa ntchito chipu cha TPA3255 cha Texas Instruments.

Mawati olembedwa pa malonda musawakhulupirire musanawerenge nokha. Pa mabolodi ngati a TPA3255 amene amalandira magetsi a mbali imodzi, mawati apamwamba kwambiri amene mungapeze mawu asanayambe kusweka ndi ma volt ochulukitsidwa okhaokha, ogawidwa ndi ma ohm owirikiza kawiri. Ndi ma volt 48, sipika ya ma ohm 4 singalandire kuposa mawati 288, ndipo ya ma ohm 8 singapitirire 144. Pa ntchito yeniyeni manambalawa amatsikirapo. Bolodi laling'ono la ma volt 24 limene lalembedwa mawati mazanamazana silingapereke kuposa 72 pa ma ohm 4. Masamu amenewa ndiwo akuuzeni ngati mutenge sipika ya ma ohm 4 kuti mupeze mphamvu yonse m'bokosi limodzi, kapena ya ma ohm 8 ndi bolodi lamphamvupo. Dziwaninso kuti pa mabolodi ambiri otere mawaya onse awiri opita ku sipika ali ndi moto, kotero palibe amene ayenera kukhudza chitsulo cha bokosi la ampu. Polumikizira bokosi lachiwiri gwiritsani ntchito soketi ya Speakon, osati jaki yachitsulo ya gitala.

Ampuyo ikhale m'kachipinda kake pamwamba kapena kumbuyo, kotsekedwa kotheratu ku mpweya wa sipika, koma kokhala ndi mabowo olowera ndi otulukira mphepo. Kuimba m'tenti mwezi wa Okutobala ku Nsanje kapena ku Salima si kofanana ndi kuimba m'nyumba yozizira, choncho kafani kakang'ono si kowonjezera chabe.

Chachisanu ndi chimodzi: gawo lolandira gitala

Gitala ya besi yopanda batire imafuna polowera pa ma ohm okwana 1 miliyoni, apo ayi mawu ake okwera amafota. Kachipu ka TL072 kamagwira bwino ntchito imeneyi ndipo kamapezeka mosavuta. Mabatani a mawu otsika, apakati ndi okwera ndi okwanira, ndipo pa atatuwa la pakati ndilo limakuthandizani kumveka pakati pa kiyibodi ndi ng'oma. Amene sakufuna kuwotcherera okha angagwiritse ntchito pedulo ya besi yokhala ndi mabatani amenewa monga gawo lolandirira.

Chimene simuyenera kusiya ndi fyuluta yodula mawu otsikitsitsa. Pansi pa liwiro limene bowo lachunidwa, bokosi limaleka kugwira koni, ndipo imangokupiza momasuka popanda kutulutsa mawu omveka. Kugunda nsambo ndi chikhatho kapena kuimba B yotsika mwamphamvu kumatha kuikankha mpaka koyilo, waya wokulungidwa wa kumbuyo kwa koni, kugunda pansi. Fyuluta yoyambira pa ma hertz 35 kapena 40, yotsetsereka ma dB 12 kapena 24 pa okitevu (ma hertz akatsika ndi theka), imateteza sipika ndiponso imasunga mawati kuti apite ku mawu amene anthu akumva. Masipika ambiri a besi amene ndawaona atang'ambika anafa chifukwa chosowa fyuluta imeneyi, osati chifukwa cha kuchuluka kwa mawati. Onjezerani potulukira pa XLR, soketi ya mapini atatu ngati ya maikolofoni, popita ku mikisa, pokhala ndi kaswitchi kodula waya wa pansi (earth) wa chingwe chimenecho pakakhala kulira kwa magetsi.

Chachisanu ndi chiwiri: magetsi a pakhoma

Magetsi athu ndi a ma volt 230, ndipo amapha. Chitsulo chonse cha ampu chilumikizidwe ku phini lachitatu la pulagi ndi waya wokhuthala womangidwa ndi bawuti yakeyake, fyuzi ikhale ya muyeso umene wopanga bolodi wanena, ndipo malumikiziro onse a magetsi a pakhoma aphimbidwe. Musadule waya wa pansi wa pulagi pofuna kuthetsa phokoso, chifukwa nsambo za gitala zimalumikizana ndi chitsulo chomwecho ndipo manja anu ali pa nsambozo. Makapasita a m'chopereka magetsi amasunga moto kwa kanthawi ngakhale mutazula pulagi. Ngati simunazolowere ntchito yotere, gawo ili lokha mupatseni katswiri wa zamagetsi. Poimba ndi jenereta, iyambe yalira n'kukhazikika musanayatse ampu, ndipo muzimitse ampu jenereta isanazimitsidwe kapena kutha mafuta.

Chomaliza: kuyesa ndi kuchuna

Musanalumikize ampu, gunditsani batire laling'ono la ma volt 1.5 ku mawaya a sipika. Mbali ya kuphatikiza ikakhudza waya wofiira, koni ituluke kutsogolo. Kenako ikani pafoni pulogalamu yotulutsa mawu a liwiro limodzilimodzi, muilumikize ku ampu ndi voliyumu yotsika, mugoneke bokosi chagada ndi kuika timbewu tingapo ta mpunga pa koni. Tsitsani liwiro pang'onopang'ono kuchokera pa ma hertz 80 kufika pa 35. Pamene mpungawo ukudumpha pang'ono kwambiri, mphepo ikutuluka mwamphamvu m'paipi, ndi pamene bokosi lachunidwa. Ngati ndi pansi pa ma hertz 50, dulani paipi sentimita imodzi n'kuyesanso, ndipo mukafika pamene mukufuna ndiye muimate ndi guluu.

Siyani mawu a ma hertz 40 akulira ndi voliyumu yotsika, muyendetse dzanja lonyowa m'malumikiziro onse, mozungulira sipika ndi pa mabawuti a chogwirira, kuti mumve ngati pali pothawira mpweya. Kwezani pang'ono mumvetsere chilichonse chogwedera, kaya ndi sefa, waya wokhudza koni kapena sikuluwu yomasuka. Mukatha apo pitani nayo kokonzekera nyimbo, muiike pansi pafupi ndi khoma kuti mawu otsika akule, muime mamita atatu kapena anayi patsogolo pake woimba ng'oma akumenya monga amachitira pa tsiku lenileni, ndipo pakatha ola limodzi gwirani chitsulo cha kumbuyo kwa ampu. Chikhale chofunda moti dzanja likhoza kukhalapo osachotsa. Chikapitirira apo, kulitsani mabowo a mphepo musanapite nayo kokaimba.